Chipewa Chimene Achemwali Anandisokera

1

Kwa miyezi isanu ndi iwiri ndinanamiza munthu amene anandilera, ndipo bodza lalikululo ndinalinena osatsegula pakamwa. Ndiyambe ndi kudzitchula, kuti mudziwe amene mukumuweruza.

Dzina langa ndine Léontine, ntchito yanga ndi kudula nsalu. Madiresi sindiwajambula, sindiwasokanso. Ndimalandira pepala la wojambula n'kulisandutsa zidutswa zoti zikakumane bwino pamsoko. Ndinayamba ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, kutola mapini pansi m'nyumba ya zovala ya achemwali anga, a Hortense Vauquelin, kuno ku Paris. Masamu a makona ndi mizere ndinakawaphunzira kusukulu ya madzulo, katatu pa mlungu. Sindifulumira kuika sizasi pansalu, sindifulumiranso kugamula nkhani. Khalidwe limeneli lapulumutsa nsalu zambiri, koma mu 1926 linatsala pang'ono kunditayitsa m'bale mmodzi yekhayo amene ndili naye.

Amayi pomwalira n'kuti ine ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, achemwali khumi ndi zisanu ndi zinayi. Iwo ndiwo anandipesa, anandikwapula, anandiphunzitsa kugwira singano. Amuna awo anafera kunkhondo, ndipo kwa zaka khumi nyumba yathu inkasokera akazi amasiye: zakuda, zotuwa, ndipo pa tsiku lachisangalalo, zakuda zokhala ndi batani lotuwa.

Ndine amene ndinawakokera kuchionetsero cha zithunzi, Loweruka lina masana, m'galaja yakale ku Montparnasse.

"Wandibweretsa kudzaona ngozi yapamsewu?" anatero titangolowa.

Pakhoma panali basi yoduladula m'makona atatuatatu, mzimayi wa mphuno ziwiri, ndi chozungulira chachikulu chachikasu chitangokhala pamwamba pa mizere yofiira popanda chifukwa. Achemwali anaseka mpaka kugwira khoma. Kenaka kusekako kunazilala. Anaima patsogolo pa mzimayi uja nthawi yaitali, mutu atapendeketsa.

Mwini zithunzizo anayandikira. Anali mwamuna wamtali wochokera ku Hungary, dzina lake Tibor Kelemen, jekete lake lili utoto wokhawokha.

"Bambo, mayiyu chiuno chake chili kuti?" anafunsa achemwali.

"Alibe, Madame. Sachifuna."

"Sachifuna! Wamva, Léontine? Zaka makumi awiri ndikumanga akazi m'chiuno ngati mitolo ya nkhuni, palibe ndi mmodzi yemwe anandiuzapo kuti sachifuna. Ndipatse choko."

Anajambula pomwepo, pamkono wa diresi lawo lakuda, anthu akuwazungulira.

2

Nyumba yathu inapenga. Lachiwiri lililonse Tibor ankabwera ndi chithunzi kukhwapa, n'kuchitsamiritsa kukhoma. Achemwali ankachiyang'ana ola lathunthu, kenaka n'kutsika masitepe akuthamanga, mapepala ali m'manja.

Philomène, mayi wachikulire woika mabatani, amene pakamwa pake sipankatseka ngakhale mapini ali m'milomo, ananyamula diresi loyamba ndi zala ziwiri.

"Madame, mkono uwu wofiira, winawu wabuluu. Nsalu inatithera?"

"Liyenera kukhala choncho."

"Nanga thumba lili pamsanali? Mwini wake azidzapempha odutsa kuti amutulutsire mpango?"

"Ika mabatani, Philomène. Ayende chopingasa."

"Chopingasa! Mayi Mariya, tithandizeni. Ine ndaika mabatani olunjika zaka makumi anayi, lero akuti ayende ngati chidakwa."

Akazi amasiye anatithawa. M'malo mwawo munadzaza ovina m'mabwalo a zisudzo, akazi a ku America olankhula mokweza, ndi mtsikana wina woyendetsa galimoto za mpikisano amene anagula madiresi asanu n'kuvala awiri tsiku lomwelo. Makona onsewo ndinali ine ndekha wotha kuwadula kuti akumane. Ndinkalowa m'mawa ndi rula, kutuluka madzulo ndi chizungulire, koma ndikuvomera, ndinkasangalala.

Achemwali anameta tsitsi kulekeza m'makutu. Anagula zopaka milomo zofiira. Ndinawamva akuimba pamasitepe, munthu amene ndinali ndisanamumvepo akuimba ngakhale m'tchalitchi.

Lolemba lina mu Epulo ndinalowa mu ofesi yawo ndili ndi nkhani. Ndinali nditaikonza mawu ake onse, kuyambira poyambira mpaka pothera.

"Achemwali, ndili ndi zoti ndikuuzeni."

"Inenso! Tseka chitseko. Ndiyambe ine, apo ayi ndiphulika." Anandigwira manja onse awiri. "Ndamukonda Tibor. Usaseke. Ndikudziwa, ndine wamkulu kwa iye ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo nsapato zake n'zobooka. Iye sakudziwa kanthu. Koma Léontine, ndikadzuka m'mawa ndikumafuna tsikulo. Ukudziwa kuti papita zaka zingati?"

Ndinkadziwa. Ndinali nditaziwerenga nawo limodzi zakazo.

"Tsono iwe umati unene chiyani?"

"Choko chatha," ndinatero.

Ndinadziuza kuti ndidikire mlungu umodzi, mtima wawo ukhale pansi. Mlunguwo unabala unzake.

3

Chaka chimenecho ndinakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu. M'nyumba zosokera aliyense amadziwa chimene chimatsatira. Pa 25 Novembala, tsiku la Katarina Woyera, mtsikana wa zaka zimenezi amene akadali mbeta amavekedwa chipewa chobiriwira ndi chachikasu, chopusa mmene anzake angathere, n'kumuyendetsa m'misewu kuti Katarina amuone, amupezere mwamuna.

"Chaka chino mbeta yathu ndi imodzi yokha," analengeza Philomène m'chipinda chosokera, "koma yakhwima bwino. Zaka zonsezi kusukulu ya madzulo, Léontine, munalibemo ngakhale kalaliki wadazi?"

Atsikana makumi anayi anafa ndi phwete. Ine ndinangoweramira pa rula. Chipewa chimenecho ndinkachiopa kuposa sizasi m'manja mwa mwana.

Mwa mwambo chipewa amasoka ndi anzako. Achemwali anakana.

"Mwanayu ndinamulera ndine. Chipewa ndisoka ndekha, ndi diresi lomwe. Bwera ndikuyeze."

"Miyezo yanga mukuidziwa."

"Bwera kuno."

Munthu ungabisire wansembe, ungabisire dokotala. Telala sungamubisire. Chiuno changa chinali masentimita 62 kuyambira ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo achemwali ankachidziwa pamtima. Anazunguliza tepi, nayang'ana, naimasula, nazungulizanso. Kenaka anayeza pachifuwa. Anapita kukatseka chitseko ndi kiyi.

"Sikisite-eyiti," anatero chapansipansi. "Miyezi ingati?"

"Inayi."

"Ndani?"

Ndinakhala chete.

"Ndi wokwatira? Wakuthawa? Léontine, yankha, ndisakugwedeze."

Ndinakhalabe chete. Sindinanene kuti wandithawa. Koma sindinanenenso kuti sanandithawe, ndipo ndinaona ndi maso angawa iwo akusankha yankho loipalo.

Analira pang'ono, akundisisita tsitsi ngati kale. Atapukuta misozi, anabwerera m'mbuyo masitepe atatu, n'kupendeketsa mutu monga ankachitira pa zithunzi za Tibor. Maso anayamba kuwala.

"Ima choncho. Usasunthe. Likhala lochokera m'mapewa, lotambasuka kunsi ngati belu la makona. Pamimbapo tiikapo chozungulira chachikulu chachikasu."

"Pamimba penipenipo?"

"Penipenipo! Chinthu ukachibisa anthu amachisaka. Ukachipaka chikasu amati ndi luso. Paris yense adzayang'ana mimba yako, palibe adzaione."

Zinachitikadi momwemo. Diresi limenelo pambuyo pake linagulidwa ndi akazi oposa zana, ambiri a iwo oonda ngati singano.

4

Lachiwiri lotsatira ndinali kugwada mu ofesi yawo, ndikubaya mapini pa chidole choyezerapo madiresi, pamene Tibor analowa ndi chithunzi chake. Achemwali anamupatsa khofi.

"Tibor, ndinu mwamuna yekhayo amene ndimamukhulupirira. Pali chilombo china chamulakwira mng'ono wanga n'kuthawa. Akukana kuchitchula. Ndikufuna muchipeze."

Khofi anatayikira pathalauza la Tibor.

"Achemwali!" ndinatero.

"Khala chete iwe. Inu mumadziwa malo onse omwera mowa ku Montparnasse. Funsani, nunkhizani."

"Ndikachipeza ndichitani, Madame?"

"Muchipatse mphuno ziwiri, ngati mayi wanu uja."

Tibor anapukuta bondo lake kwa nthawi yaitali. "Mwina," anatero, "si munthu woipa. Mwina anapemphedwa kuti akhale chete, ndiye akungomvera."

"Mukumuikira kumbuyo?"

"Ayi, ayi. Ndi galu. Ndingoti mwina ndi galu womvera."

"Amuna inu! Simumudziwa n'komwe, mwayamba kale kumupezera loya."

Ine ndinadzibaya pini m'chala, ndipo sindinakuwe.

Kuyambira tsikulo Tibor ankabweretsa lipoti Lachiwiri lililonse, nkhope ili yotuwa. Mlungu woyamba anati sanapeze kanthu. Wachiwiri anati akuti munthuyo ndi wamtali. Achemwali anamenya tebulo nati, "Tayandikira!"

5

Chipewa chinawatengera masiku khumi ndi anayi. Anadzitsekera nacho, makasitomala akudikira panja, zala zawo zili mabala a waya.

M'mawa wa tsikulo anachitulutsa m'bokosi, chipinda chonse chinakuwa. Chinali chotalika theka la mita, nsanja ya makona atatuatatu obiriwira ndi achikasu, osanjikana mopendekeka ngati agwa koma osagwa. Pakati panali kabasi kachitini koduka pawiri. Pamwamba penipeni panali diso limodzi lalikulu, ndipo ukakoka kachingwe kumbuyo kwa khutu, disolo linkatsinzina.

"Limeneli n'lokodolera amuna," anatero Philomène, "poti maso akewa sadziwa ntchito."

Achemwali anandiveka okha, pini imodziimodzi.

"Chikulemera?"

"Pang'ono."

"Pirira. Ndakusokera ndi mtima wanga wonse."

Tinatuluka mumsewu tonse makumi anayi, titakolowekana mikono. Nyumba zina zosokera zinali zitatulutsanso mbeta zawo, wina atasenza ngalawa, wina khola la mbalame, koma changa chinaimitsa magalimoto. Wapolisi anandichitira sawatcha. Ophika buledi anatuluka ndi ufa m'manja. Ophunzira a kuyunivesite ankatitsatira akuimba, ine n'kumakoka kachingwe, diso n'kumatsinzina, msewu wonse n'kumakuwa. Ndisakunamizeni: kwa maola awiri ndinaiwala zonse. Ndinaseka mpaka nthiti kupweteka, ndinavina ndi woyendetsa basi, ndinapsompsonedwa pamasaya ndi anthu osawadziwa. Pakona pamene pali chiboliboli cha Katarina, mbeta iliyonse imakwera makwerero kukaika maluwa. Nditagwira makwererowo achemwali anandikoka.

"Iwe ayi. Chipewa chingagwe," anatero mokweza, n'kundifinya dzanja.

Cha m'ma fili koloko tinabwerera kunyumba yosokera. Makina anali atakankhidwira kukhoma, shampeni ikuthiridwa m'makapu a tiyi, wina akuliza akodiyoni. Tibor anali ataima pakona ngati woitanidwa kubwalo la milandu. Achemwali, masaya ali psuu, anatigwira tonse awiri n'kutikokera m'kachipinda koyesera zovala, nakoka katani.

"Ndapeza njira," ananong'ona. "Chilombo chija tisiyane nacho. Tibor, ine ndine wamasiye wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, sindingakhale pansi kudikira kufunsiridwa. Ndikwatireni. Léontine apita kwa azakhali ku Bretagne mpaka achire. Mwanayo tidzamulembetsa kuti ndi wathu, wa inu ndi ine. Adzakula m'nyumba muno, mayi ake akumuona tsiku ndi tsiku, popanda womuloza chala. Onani mmene zikukumanira! Aliyense wapeza chake."

Achemwali anaiwala chinthu chimodzi, chimene iwo eni ankatichenjeza chaka ndi chaka: katani si khoma. Akodiyoni inali itasiya kulira. Kunja kunali zii.

6

Tibor anandiyang'ana. Nkhope yake inkati mpaka pano ndamvera, apa ndiye ndalephera.

"Achemwali, ndibwerekeni kasizasi kanu."

Ankakavala pakhosi ndi riboni. Anandipatsa modabwa. Ndinakweza diresi, ndinasomola mpendero wa pitikoti pamene ndinkasokera chinthu changa m'mawa uliwonse ndikasintha zovala. Mphete inapulumuka, inagwa pansi, n'kugubuduzika kudutsa kunsi kwa katani.

Tinamva mawu a Philomène kunjako, akuwerenga pang'onopang'ono zolembedwa m'kati mwake.

"L ndi T. Pa 17 Epulo, 1926." Anapuma. "Mayo ine. Atsikana, mbeta yathu ndi yabodza."

Tsopano mwadziwa. Tibor ndinamudziwa zaka ziwiri achemwali asanamuone. Ankaphunzitsa kujambula kusukulu ya madzulo kuja. Ndinkadziwa kuti ndikabwera naye kunyumba, mlendo wa nsapato zobooka, amubweza pakhomo. Ndiye ndinachita zanzeru: ndinati ayambe akonda zithunzi, mwini wake adzamulandira pambuyo. Nzeruyo inagwira ntchito mopitirira muyezo. Tinakwatirana Loweruka kwa meya wa dera lina, mboni zathu ophunzira anzanga awiri, ndipo Lolemba lake ndi lija ndinakanena za choko. Tibor anafuna kuulula kambirimbiri. Ndinali ine womuletsa. Ndinkati tidikire tsiku labwino.

Ndinayembekezera mbama. Achemwali anangoyang'ana Tibor, kenaka ine, kenaka chozungulira chachikasu chija.

"Galu womvera," anatero.

"Madame, ndikupepesa..."

"Inu tulukani. Zithunzi zanu muzipeza pakhomo mawa."

Atatuluka anandiyandikira. Mawu awo anali ofatsa, ndipo ndicho chinandiopsa.

"Mwamunayu ndikanamulira mwezi umodzi, mwina iwiri. Ndinaikapo kale mwamuna m'manda, ndikudziwa kuti zimatha. Koma iwe unaima apo n'kumandionera ndikupaka milomo. Unandionera ndikutuma mwamuna wako kuti akadzisake yekha. Masiku khumi ndi anayi ndikubayidwa ndi waya, ndikukulirira kuti mwana wanga wasiyidwa, iwe ukudutsa pakhomo ndi mphete m'pitikoti."

"Ndinkaopa kukupwetekani."

"Unkaopa kundiona ndikupwetekedwa. Si chimodzimodzi."

Anazula mapini m'tsitsi langa, imodziimodzi monga anawaikira, nanyamula chipewacho ndi manja awiri. Anatsegula katani. Atsikana makumi anayi anayang'ana pansi onse pamodzi.

"Liza akodiyoni," anauza woimba uja. "Shampeni yatsegulidwa kale." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Madame Kelemen, ntchito imayamba eyiti koloko. Musachedwe."

7

Sanandichotse ntchito. Akanandichotsa bwenzi zili bwino.

Kwa zaka ziwiri ndi miyezi itatu ndinali Madame Kelemen. "Madame Kelemen, mungandidulireko ichi?" "Zikomo kwambiri, Madame Kelemen, mwadula bwino." Philomène ankakalipiridwa, atsikana ankakalipiridwa, ngakhale wobweretsa malasha ankakalipiridwa. Ine ndekha ndinkalandira ulemu, m'mawa ndi madzulo. Mwana wanga wamkazi atabadwa kunabwera supuni yasiliva ndi khadi losindikizidwa, zofanana ndendende ndi zimene nyumba yathu inkatumizira makasitomala.

Zithunzi za Tibor zitachoka pakhoma, ambiri anati nyumba ya Vauquelin yatha. Inali isanayambe. Achemwali anayamba kujambula za m'mutu mwawo, ndipo madiresi a zaka zimenezo anaposa oyamba aja kutalitali. Ine wowadula ndikuchitira umboni. Ndinkafunitsitsa kuwauza choncho, koma munthu amene akukutcha Madame sungamuuze kuti ndikukunyadirani.

Ndinapepesa m'makalata atatu. Onse anayankhidwa mwaulemu.

Mu Febuluwale 1929 kunafika silika wochokera ku Lyon, mamita anayi okha, wonyikidwa mwapadera motsatira chojambula chawo: wakuda, ndi mzere umodzi wofiira woyenda chopingasa. Wina wotere kunalibe. Diresi lake ndilo linali lotsegulira chionetsero, patatsala masiku asanu ndi limodzi.

Ndinayala silikayo patebulo. Ndinadula. Mzere wofiira uja, m'malo mokumana pamsoko wa paphewa, unaphonyana ndi masentimita asanu.

Achemwali analowa, anayang'ana, nkhope inasintha mitundu.

"Iwe! Chitsiru cha mwana iwe! Maso ako ali kumsana? Zaka khumi ndi zinayi ndikukuphunzitsa, ukundidulira ngati wogulitsa nyama? Kamwana kamamina, ndinkakupukuta ndine, lero ukundiphera silika wanga!"

Anatola rula n'kundimenya nayo paphewa, kawiri. Ine ndinayamba kuseka, misozi ili chuchuchu.

"Ukuseka? Ukuseka chiyani?"

"Palibe, achemwali. Pitirizani."

Anaima, rula ili m'mwamba, akupuma mofulumira. Philomène anatulutsa mapini m'kamwa koyamba m'moyo wake.

"Hmm," anatero achemwali potsiriza. "Sendera uko, ndione ngati tingapulumutseko china. Ndipo Lamlungu ubwere naye mwanayo. Ndamva kuti mukumuveka zoluka za m'sitolo, manyazi mulibe. Wamtali ujanso abwere, koma adye kaye kwawo."

Inu owerenga, makamaka inu ofatsa, amene anthu amakuyamikirani kuti simulankhula msanga: ndinali mmodzi wa inu. Ndinkayesa kuti kudikira ndi chifundo. Tsiku labwino lonenera chinthu chopweteka ndinalidikira miyezi isanu ndi iwiri, silinabwere, ndipo pa tsiku lililonse limene ndinadikira m'bale wanga ankaonjezera chinthu china choti adzachite nacho manyazi. Ngati muli ndi nkhani imene mukuisungira nthawi yabwino, sindikuuzani chochita. Ndingokufunsani kuti mukuteteza ndani.

Chatsala chimodzi, ndipo ichi ngakhale Tibor sachidziwa. Pa zaka zonse zimene ndagwira sizasi sindinalakwitsepo kudula. Masentimita asanu aja ndinawayeza ndi rula, ndinawalemba ndi choko, ndinapemphera, kenaka ndinadula. Achemwali ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri tsopano, ndipo mpaka lero akauza alendo za silika wa ku Lyon amandiloza n'kunena kuti chitsiru chake ndi ichi. Magazini ngati ino sawerenga, amangoona zithunzi. Wina wa inu akakawauza, ndidzakana.